Mnzake wa Feliya

Sandalamu analakwa, ndipo tsiku lomwelo ankadziwa bwinobwino kuti akulakwa. Anatenga ana a sukulu n'kukawalowetsa m'kankhalango ka kumunsi kwa dambo, kumene amayi amaika nthayo, ana aja obadwa atafa kale. Kumeneko mwamuna saponda. Ngakhale nkhuni sizitoledwa. Ana a m'mudzimo amangouzidwa kuti kuli nsato, ndipo zimenezo zimakwanira kuti asayandikeko.

Nkhaniyi inayamba chonchi. Pasukulupo panabwera mphunzitsi wamkazi wochokera ku Zomba, Madamu Chimwaza, munthu wansangala, woyenda mothamanga ngati waiwala mphika pamoto. Anayambitsa kalabu ya zachilengedwe ya ana a Sitandade 5, ndipo Lachisanu masana ankatuluka nawo panja kukaona mbalame, tizilombo ndi mitengo. Vuto linali lakuti mitengoyo kunalibe. Phiri lonse linametedwa mpala ndi ootcha makala, ndipo mmodzi mwa ometawo anali Sandalamu yemweyo, msana usanamukane n'kukapempha ulonda pasukulu. Mitengo ankaidziwa ndithu, koma ankaidziwa monga wopha mbuzi adziwira mbuzi.

"A Sandalamu," anatero Madamu tsiku lina, "anawa mbawa amaidziwa pachitseko cha ofesi ya ahedi basi. Kulibiretu kuno komwe kwatsala mitengo yachilengedwe?"

"Kumanda kokha, Madamu. Koma kumeneko n'kwa eni ake."

"Nanga kobiriwira uko, kumunsi kwa dambo?"

Apa m'pamene akanayankha zoona. Koma ana a kalabu anali atayamba kumutchula kuti aphunzitsi, iye amene sukulu anaisiyira Sitandade 3, ndipo dzinalo linkamukomera ngati uchi. Komanso kunali china chomwe chinkamukokera kumaloko kwa zaka zambiri, chomwe sankauza munthu.

"Tikhoza kudutsa m'mbali mwake," anatero.

Anapita mvula yoyamba itangogwa, nthaka ikununkhira. Madamu anawafoletsa awiriawiri, aliyense atagwira dzanja la mnzake kuti pasasowe mwana. Mmodzi yekha anatsala wopanda mnzake: Feliya, kamtsikana kachete kokhala kumapeto kwa benchi. Anayenda yekha kumbuyo kwa mzere, manja ali m'khwapa.

Poyamba zinali zokoma. Sandalamu anawaonetsa katope, mtengo wokonda kuviika mapazi m'madzi. Anawaonetsa mkuyu, n'kung'amba nkhuyu imodzi kuti aone tizilombo tokhala m'kati mwake. Atafika pa mbawa, ana anagwirana manja kuti auzungulire, akukuwa kuti ndi waukulu kuposa ofesi ya ahedi. Pamchenga wa m'mbali mwa khwawa anagwada n'kuwaphunzitsa kuwerenga mapazi: awa a nkhwali, awa a gologolo, awa a ng'azi, onani mzere wa mchira wake pakati.

"Aphunzitsi," anafunsa Labisoni, mnyamata wam'kamwa, "ng'aziyo ndi ndiwo kapena si ndiwo?"

"Iwe, kwa iwe ngakhale choko ndi ndiwo."

Ana anaseka mpaka Madamu anagwira m'mimba. Kenaka gologolo weniweni anadutsa, ana onse n'kumuthamangira, ndipo za kudutsa m'mbali zija zinathera pomwepo. Anapezeka ali m'katikati.

Chinayamba kusintha ndi phokoso. Apumbwa omwe ankalongolola m'mitengo anangoti zii. Nyenje zinaleka kulira, zonse nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera chitseko. Pansi panali timitumbira ting'onoting'ono, kukula kwake ngati lichero, tina tili ndi mapale ovundikira pamwamba. Ndipo panali kafungo, osati ka chovunda ayi, koma kaja kamamveka m'nyumba momwe muli mwana wakhanda.

"Izi ndi ziulu za chiswe chanji?" anafunsa Labisoni. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Madamu anawerama kuti avundukule phale limodzi.

"Musagwire!" anatero Sandalamu. Kenaka anatsitsa mawu. "Tiyeni tizipita. Mvula ikubwera."

Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Madamu anamuyang'ana, n'kulisiya phalelo.

Potuluka, Sandalamu anaima pambali kuti mzere udutse. Anadutsa awiriawiri, ali chete, mpaka anafika Feliya. Dzanja lake lamanja linali litatambasukira kumbali, zala zitapindika, likugwedezeka uku ndi uku monga amachitira ana akagwirana. Ankalankhula motsitsa, n'kumaima kaye ngati akudikira yankho. Pamchenga paja, pafupi ndi mapazi ake, panali mapazi ena. Anali aafupi ngati chala chachikulu cha kudzanja, ndi tizala tawo tisanu. Koma kutalikirana kwake kunali kwa mwana wamkulu, woyenda limodzi ndi Feliya osatsalira.

Sandalamu anawafufuta ndi jombo.

"Mukufufutiranji?" anatero Madamu, amene anali atacheuka. "Mwina ndi a changa, ana akanaona."

"Ndi a chule, Madamu."

Atatulukira pamsewu anakumana ndi mayi akuchokera kuchigayo, beseni la ufa lili pamutu. Anali Nangozo, amene kale anali mkazi wa Sandalamu. Chilekanirane sanapatsanepo moni. Akakumana, wina ankayang'ana kumunda, wina kuphiri. Koma tsiku limeneli Nangozo anaima. Anayang'ana matope akuda omwe anali kumapazi kwa ana, matope opezeka malo amodzi okha m'dera lonselo.

"Mwachokera kuti ndi ana a eni?"

Nangozo anayang'ana mzere wonse mpaka kumapeto, ndipo maso ake anakaima pa Feliya. Kapena tinene kuti pambali pa Feliya. Anayang'ana nthawi yaitali, ufa ukutayikira paphewa iye osamva.

"Wakula," anatero chapansipansi, n'kumapita.

Tsono kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Nangozo anabwera m'mudzimo pa chitengwa. Ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, Sandalamu ankapalasa njinga ya makala kupita kuboma, n'kumagona komweko. Kubomako kunali mayi wina wogulitsa kachasu. Zina zonse mukuzidziwa. Ndipo mukudziwanso zomwe akuluakulu amanena, kuti mkazi akakhala woyembekezera, onse awiri sayenda kunja, apo ayi mwana amasemphedwa. Tsiku lochira litafika, zinthu zinavuta. Azamba ndi anamkungwi anamuzungulira Nangozo m'chikuta, akumuuza kuti atchule amuna omwe anayenda nawo kuti mwana apeze njira. Sandalamu anali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. "Ulula! Ulula, mtsikana iwe!" Nangozo analibe woti atchule. Mwana anabadwa osalira. Amayi anakamuika kumunsi kwa dambo, ndipo mudzi wonse unati wapha mwana ndi mkaziyo chifukwa cha kuuma mtima. Sandalamu anangokhala duu. Anamuperekeza Nangozo kwawo kutsidya kwa khwawa ndi mtolo wa nsalu, ndipo mwamuna wina sanamufunsirenso. Mwanayo akanakhala moyo, bwenzi ali Sitandade 5.

Sabata yotsatira ulendo wa kalabu uja, tinthu tinayamba kusowa. Kapu yapulasitiki, supuni, pensulo, choko cha Madamu. Kwa mayi wina kunasowa yunifolomu pachingwe, masana dzuwa likuswa mtengo, mwini wake ali pakhonde pomwepo akusenda nyemba. Amayi anayamba kuyang'anana m'mbali pachitsime. Nkhuku zikafika pakhomo pa kwa Feliya zinkalambalala malo ena ake pabwalo pomwe panalibe kanthu.

Kusukulu, pa nthawi ya phala, Feliya ankapempha makapu awiri.

"Iwe, m'mimba mwako muli angati?" anatero mayi wophika.

"Inayo ndi ya mnzanga."

M'kalasi ankakhalira kumphepete kwenikweni kwa benchi, kusiya malo. Madamu anamufunsa mwachifatse kuti mnzakeyo dzina lake ndani.

"Alibe. Akuti sanamupatse."

"Amakhala kuti?"

"Kuja tinapita kuja. Akuti kuli tiana tokhatokha, tosadziwa kusewera. Akuti ndipite ndizikakhala naye."

Chakudya m'mbale ya Feliya chinkatha, koma mwanayo ankangowonda. Dzanja lamanja linazizira ngati mwala wa m'madzi, ndipo zala zinakana kuwongoka. Amake anayesa ndi madzi otentha, atsibweni ake a Dafuleni anayesa ndi mphamvu mpaka mwana kulira. Kuchipatala anamuyeza magazi, nati malungo alibe, n'kumupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Kawiri konse amake anamugwira m'bandakucha atafika kale pakati pa dambo, akuyenda mwakachetechete dzanja lili kumbali. Kuyambira pamenepo ankagona atamumangirira ndi chitenje m'chiuno mwawo.

Loweruka lina masana, Sandalamu ali yekha pasukulu, anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka jombo. Kunja kunali kotentha, kopanda mphepo. Anamva benchi ikukhwekhwerezeka m'kalasi ya Sitandade 5. Makiyi onse anali m'thumba mwake. Anaganiza kuti mwina ndi mbuzi, ngakhale ankadziwa kuti mbuzi siilowa pa loko. Anayandikira, n'kuima pafupi ndi zenera osasuzumira. M'katimo munali kamawu, kosalankhula bwino, ngati ka munthu amene akuphunzira kumene kugwiritsa ntchito lilime.

"Uwu ndi katope. Uwu ndi mkuyu. Awa a nkhwali. Awa a ng'azi, onani mzere wa mchira."

Kankatchula mawuwo monga momwe iye ankawatchulira, ndi kutsokomola kwake komwe. Kenaka kanaleka. Chinachake chinayenda m'katimo, pang'onopang'ono, kubwera kuzenera. Sandalamu sanadikire. Anakapezeka ali kumsika, phazi limodzi lili m'jombo, lina lopanda kanthu, anyamata a kabaza akumuseka kuti mlonda wathawa mbava masana.

Pofika nthawi imeneyi ana anali ataulula kwa makolo awo kuti kalabu inapita kwa nsato. Mudzi unatekeseka. A Dafuleni anamupeza Sandalamu pachipata cha sukulu.

"Achimwene, inu ndinu mwana wa mudzi uno. Munalola bwanji?"

"Ine ndi mlonda chabe," anatero Sandalamu akuyang'ana pansi. "Bwana akati tiyeni uku, mlonda akana bwanji? Mphunzitsiyo anachita kuloza yekha malowo."

"Analoza yekha?"

"Analoza yekha."

Mawu amenewo anayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Anthu anayamba kukumbukira zinthu. Wina anati mayiyo amajambula ana pafoni, zithunzizo amazitumiza kuti? Wina anati anamuona akutola ndowe za fisi n'kuzikulunga m'pepala. Wina anafunsa kuti munthu wamkazi wosakwatiwa kuchoka ku Zomba konse kuja kudzafuna chiyani kuno, kwawoko kulibe ana? Amene ankamupatsa maungu analeka. Ana a kalabu anatsala ochepa, kenaka palibe. Madamu ankaperekabe moni wake wansangala, koma ankangoyankhidwa ndi agalu.

Lolemba linalo Feliya analephera kuimirira. Milomo inauma, maso ali kudambo, akungoti, "Akuti tachedwa. Akuti tachedwa." A Dafuleni anamubereka, amake akulira pambuyo, ndipo pofika pasukulu gulu linali litakula ngati la pamaliro. Anamutsitsa mwanayo pakhonde la kalasi, n'kumutsamiritsa kukhoma. Dzanja lija linali lidakali kumbali.

Anyamata analowa m'kalasi n'kutulutsa tebulo la pakona, pomwe ana a kalabu ankaikapo zomwe atola. Analikhuthula pabwalo. Panagwa nthenga za kadzidzi, minga ya nungu, khungu lomwe njoka inafundula, chigoba cha fulu, chisa cha mpheta, timabotolo ta njere zosiyanasiyana.

"Onani!" anakuwa a Dafuleni. "Sukulu yake imeneyi? Inu munaphunzirapo ndi kadzidzi? Ngakhale sing'anga wa kumsika alibe katundu wochuluka chonchi!"

"Bambo, izi anatola ndi ana anu omwe," anatero Madamu. "N'zophunzirira. Chigobacho anabwera nacho ndi Labisoni."

"Usatchule mwana wanga, mfiti iwe!" anakuwa amake Labisoni.

Ahedi anayesa kulankhula za malamulo a boma, koma wina anawauza kuti akhale chete ngati safuna kuti awerengedwe limodzi. Amayi anamuzungulira Madamu. Wina anamuvula mpango, wina anamukankha mpaka anagwada pafumbi. Kumbuyo anyamata anali atayamba kutola zidutswa za njerwa. Amake Feliya anagwada naye maso ndi maso.

"Mayi, ndapota nanu, mwana wangayo ndi mmodzi yemweyo. Mwamuika chiyani m'dzanja? Nenani, timumasule."

"Sindikudziwa, amayi. Mulungu akundiona, sindikudziwa."

"Ulula!" anakuwa mayi wina wachikulire. Ena analandira. "Ulula! Ulula, mtsikana iwe!"

Sandalamu anali ataima kuseri kwa thanki ya madzi, chibonga cha ulonda chili m'manja. Mawuwo anamulowa m'mafupa. Ena mwa amayi okuwawo anali omwewo a tsiku lija m'chikuta, angokalamba chabe. Ndipo iyenso anali yemwe uja, ali kuseri kwa chinthu, akumvetsera. Atakweza maso anaona Nangozo ataima yekha pachipata, manja atapinda pachifuwa. Sankayang'ana Madamu, sankayang'ana gulu. Ankayang'ana iye.

Kenaka Feliya anatembenuza mutu, koyamba tsiku limenelo, n'kuloza thanki ndi dzanja lamanzere.

"Akuti awo abisala apowo akuwadziwa."

Anthu onse anacheukira kuthanki. Sandalamu anatuluka. Anayenda mpaka pakati pa anthu, n'kuponya chibonga pansi.

"Msiyeni mlendoyu. Sanadziwe kanthu. Anafunsa, ine n'kumunamiza."

"Achimwene, mwamwa?" anatero a Dafuleni. "Si inu munati analoza yekha?"

"Ndinanama. Ndinawatsogolera ndine. Ndinkafuna ndione pomwe anagona mwana wanga."

Ndiye anafotokoza zonse, mutu uli pansi: za njinga ya makala, za mayi wa kachasu, za kuseri kwa nkhokwe. Sanakometse. Amayi achikulire aja anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, wina ataphimba pakamwa ndi nsalu. Njerwa zinagwa m'manja mwa anyamata. Madamu anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'mawondo, n'kupita kukakhala pafupi ndi Feliya, mbali ya kumanzere.

Sandalamu anatembenukira kuchipata. "Anangozo..."

"Ine ayi," anatero Nangozo akubwera, anthu akumupatukira. "Ine musandiuze kanthu. Ndinadziwa tsiku lomwe munabwera ndi sopo wonunkhira amene sindinakutumeni. Zanga tidzakamba tsiku lina, ngati ndidzafune. Uzani uyo. Wakhala akukutsatani masabata onsewa, inu n'kumathawa ndi jombo imodzi."

Analoza pakhonde, pambali pa Feliya, pomwe panalibe munthu. Simenti ya pamalopo inali yonyowa pang'ono, ngakhale khonde lonse linali louma.

Zomwe zinachitika pambuyo pake anthu amazisimba mosiyanasiyana. Ena amati kunadutsa kamphepo kozizira, ena amati kunalibe. Ena amati anamva kulira kwa khanda, kamodzi kokha, chapatali. Chomwe onse amagwirizana n'chakuti zala za Feliya zinawongoka chimodzi ndi chimodzi, mwanayo n'kuyang'ana chikhato chake, n'kupempha madzi akumwa. Amagwirizananso kuti Nangozo anamasula chitenje chake chapamwamba, nanjuta kufulatira khonde, n'kuchimanga pachifuwa monga amachitira mayi wobereka mwana, ndipo podzuka anachita kugwira bondo ngati wasenza cholemera. Analunjika kudambo osacheuka, amayi achikulire aja akumutsatira patali.

Koma zonsezo zinachitika Sandalamu atayamba walankhula. Anavula chipewa, nayenda chogwada mpaka pakhondepo, pamaso pa mudzi wonse ndi ana a sukulu ali m'mazenera. Anayang'ana malo opanda munthuwo, pamsinkhu pomwe pangakhale nkhope ya mwana wa Sitandade 5, ndipo anati:

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Sindikudziwa n'komwe ngati ndiwe wamwamuna kapena wamkazi, chifukwa sindinafunse. Amayi ako sanakulakwire, anakulakwira ndine, ndipo ndinawasiya asenze mlandu wanga. Mnzakoyu alibe chifukwa, musiye apite kwa amake. Pepa, mwana wanga. Pepa ndithu."